Chifuwa Changa cha Pamalonda

Aliyense wogula mbewu m'midzi ali ndi njira yake yotsitsira mtengo. Ena amayamba kudandaula za kukwera kwa mafuta asanapereke n'komwe moni. Ena amanyamuka n'kulunjika panjinga ngati akupita, khutu atalisiya kumbuyo. Ine njira yanga inali chifuwa.

Ndimagula fodya kwa alimi ang'onoang'ono amene sakwanitsa belo, ndimamuphatikiza n'kudinda ndekha. Nyengo ya soya ndi mtedza ndimagulanso zimenezo. Pogula fodya ndinkatenga tsamba limodzi, n'kulitambasula pabondo, n'kuliyang'ana ngati m'bale amene anandilakwira kalekale. Kenako ndinkalinunkhiza n'kutsokomola kawiri. Sindinkatsokomola mokweza ayi, ndinkachita ngati munthu waulemu amene akuyesetsa kubisa kuti asachititse manyazi eni khomo. Pakamwa panga sipankatuluka mawu akuti fodyayo ali ndi chuku. Mlimi ankadziuza yekha, ndipo mtengo unkatsika ine ndisanapemphe. Kuyambira ku Lisasadzi mpaka ku Mtunthama chifuwa chimenechi chinandidyetsera ana zaka zambiri, ndipo ndinkachinyadira ngati mmene mmisiri amanyadira sowo wake.

Itafika Kovidi, chida changa chinatha ntchito. Tsiku lina pamsika wa ku Mtunthama ndinaiwala, n'kutsokomola nditawerama pathumba la mtedza, mtedza woti sununkhizidwa n'komwe. Mayi wogulitsa anakokera chitenje kumphuno, n'kukoka thumba lake kubwerera nalo m'mbuyo. Anthu anandipatukira ngati ndanyamula njuchi. Chaka chimenecho ndinagulitsa masiki osokedwa ndi zidutswa za zitenje, ndipo ndinaphunzira kumeza chifuwa ngakhale fumbi litandilowa. Tonse tinkaopa zenizeni. Pakhomo pa golosale iliyonse panali ndowa ya mpopi, maliro ankaikidwa mothamanga, ndipo munthu akayetsemula m'minibasi ankapepesa mpaka potsikira.

Tsiku limene mantha anatha sindilidziwa. Ndowa zija zinangoyamba kutungira madzi, masiki anamangira tomato ku timitengo. Matendawo ankapita n'kubwera, kupita n'kubwera, mpaka tinatopa kuwatchula dzina. Juni akafika, mphepo ikayamba kuluma m'mawa, mudzi wonse umatsokomola, ana amapita kusukulu mamina ali pamlomo, ndipo timangoti chafika chija. Kaya ndi chimfine chakale chomwe tinakula nacho, kaya ndi Kovidi yomwe ija itavala zovala zina, palibe amafunsa. Nanenso ndinatulutsa chifuwa changa komwe ndinachisunga, n'kuchibwezera pantchito.

Panali khomo limodzi lokha lomwe mkazi wanga sanalole kuti mantha atheretu, khomo la bambo ake ku Kaomba. Apongozi angawo alima fodya kuyambira ali mnyamata, ndipo fumbi la masamba linawadya m'chifuwa kalekale. Nyengo yozizira iliyonse mpweya wawo unkamveka ngati ukudutsa m'bango. Katemera anabayitsa, ndipo m'masiku oopsa aja alendo ankawaikira mpando patali pansi pa mtengo wa mango. Mpandowo pambuyo pake unabwerera pakhonde, koma kwathu lamulo linatsala: amene ali ndi chimfine kwa agogo sapita, kaya ndi mwana, kaya ndi ine.

Julaye wa chaka china posachedwapa ndinachokera ku Lilongwe pa minibasi yodzaza, mawindo onse atatsekedwa chifukwa cha kuzizira. Patapita masiku awiri pakhosi panayamba kukanda, mafupa akuphwanya. Tsiku lomwelo ndinamva kuti apongozi atsala ndi fodya wosakwana belo, wa masamba abwino a pakati, ndipo wogula wina wa kumpoto, wolankhula Chitumbuka chokoma ngati uchi, wati adzafika Loweruka. Zinandiwawa kuposa mutu. Fodya wa apongozi anga atengedwe ndi mlendo ine ndili moyo? Anzanga pamsika akanandiseka chaka chathunthu.

M'mawa wa Lachinayi mkazi wanga anandigwira pachipumi ndikuvala jekete.

"Inu, thupi lili moto ili. Kwa bambo musayerekeze."

Ndinamuuza kuti ndikungofika pa Lisasadzi kukaona soya. Ndinameza mapiritsi awiri a mutu n'kuliza njinga yamoto.

Apongozi aakazi anandilonjera ali chapatali atagwada pafupi ndi nkhokwe, monga mmene zimakhalira pakati pa mkamwini ndi mayi a mkazi wake. Ulemu umenewu, womwe ndinkauona ngati wachikale, ndi umene unawapulumutsa iwo. Apongozi aamuna zoterezo alibe nazo ntchito. Anandigwira paphewa n'kundilowetsa m'kanyumba kosankhiramo fodya.

Amene sanasankhepo fodya sangadziwe chifukwa chake kanyumbako kamakhala kotseka. Tsamba limafuna kukhala lofewa kuti ulitambasule osalithyola. Mphepo youma ya Julaye ikangolowa, limauma n'kuyamba kufumbutuka m'manja. Ndiye windo limatsekedwa ndi chiguduli, pansi amawaza timadzi, ndipo aliyense wolowa amauzidwa kuti akoke chitseko msanga. Ndinachikoka ndine. Tinakhala pamphasa mawondo akukhudzana, mitu itawerama pamtolo umodzi, kuwala kukulowera pa kampata ka pamwamba pa chitseko.

Nditangotenga tsamba loyamba n'kulifikitsa kumphuno, chifuwa chinabwera chokha. Sichinali cha kawiri chaulemu chija. Chinachokera pansi penipeni, chinandipinda, misozi mpaka kutuluka.

Apongozi anaseka mpaka kudzimenya pantchafu.

"Akamwini, chifuwa chanucho chimadziwika mpaka ku Mtunthama. Kuno musavutike nacho. Tsamba ili lilibe chuku, ndaliyanika ndekha."

Apa ndi pomwe ndimabwerera nthawi zonse ndikaganiza za nkhaniyi. Mawu oyenera anali ochepa, ndipo ndinali nawo mkamwa: bambo, ichi n'chenicheni, tiyeni tituluke. Koma mutu wanga wa malonda unathamanga kuposa pakamwa. Ndinaona kuti ndikanena anditulutsa mwaulemu, nkhani ikafika kwa mwana wawo, ndipo Loweruka wa kumpoto uja adzanyamula fodya. Ndinaonanso china chonyansa kuposa pamenepo. Munthu amene akuganiza kuti wakugwira chinyengo amasangalala, ndipo wosangalala salimba pa mtengo.

"Mwandigwira, bambo," ndinatero, n'kuseka nawo.

Tinakhala m'kanyumbako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Ndikatsokomola iwo ankaseka, nthawi zina n'kunditsanzira, kununkhiza tsamba n'kuchita khokhokho ngati ine. Anandiuza kuti ndawonjeza luso, kuti chaka chino ndikuchita kutulutsa ndi misozi yomwe. Anandithirira madzi m'kapu yawo kuti sewero lisathe msanga, ndipo nditamwa anamaliza otsalawo. Fodya ndinamugula, pa mtengo womwe ndinabwera ndikuufuna. Pobwerera ndinkaimba panjinga ngakhale mutu unali kugunda.

Ine ndinagona masiku awiri, kenako ndinabwerera pamsika. Lolemba madzulo foni ya mkazi wanga inalira. Anali mayi ake, akuti bambo thupi latentha kuyambira dzulo, ndipo tsopano akulephera kumaliza mawu. Tinapeza galimoto n'kuthamangira nawo kuchipatala. Anati n'chibayo, anawagoneka n'kuwaika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Mkazi wanga anatsala komweko kuwadikirira, ine ndinkabweretsa chakudya n'kuima pawindo. Munthu wamtali uja, amene ankanyamula yekha mtolo wa fodya paphewa, ankaoneka ngati mwana pabedi lija, chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira.

Atagona m'chipatalamo masiku atatu ndinapeza namwino wina wachikulire atakhala pabenchi panja akumwa tiyi. Ndinakhala pambali pake n'kuyamba zomwe ndimadziwa, kunenerera. Ndinafunsa ngati inali Kovidi kapena chimfine wamba, ndikuyembekeza kuti akati chimfine wamba mlandu wanga upepuka. Anandiyankha kuti kwa chifuwa ngati cha akuluwo kusiyana kwake n'kochepa, ndipo miyezi yozizira tizilombo ta mtunduwu timayenda tambiri nthawi imodzi. Anati timasintha pang'onopang'ono tikamadutsa mwa anthu, moti thupi lomwe linakumana nato chaka chatha limatizindikira koma osati kwathunthu. N'chifukwa chake timabwerera, ndipo n'chifukwa chake munthu ngati ine amagona masiku awiri basi. Ndinalowererapo kuti ndiye kuti matendawa anafooka. Anapukusa mutu. Anati kwakukulu ndi matupi athu amene anawazolowera, chifukwa cha kudwala ndi katemera, koma mapapo otha ndi ukalamba alibe mphamvu yodikira kuti thupi likumbukire. Za nyengo anati n'zosavuta kumva, kukazizira anthu amatseka zitseko n'kuunjikana, mpweya umakhala wouma, kachilombo sikayenda mtunda wautali kuti kapeze munthu wina.

Ndinayesa komaliza. Ndinati akuluwo ndi mkulu wa mpingo, Lamulungu lililonse amakhala pakati pa anthu, mwina anakatengera kutchalitchi. Anati n'zotheka. Anandiyang'ana pamwamba pa kapu yake kanthawi.

"N'zothekanso kuti anatengera kunyumba, bambo. Mukudziwa ndinu."

Ndanenererapo ndi anthu ouma mtima m'misika yonse ya kuno, koma mayi ameneyu sanandichotsereko ngakhale pang'ono.

Mkazi wanga anali atadziwa kale. Bambo ake ali ndi kamangidwe kawokawo ka timitolo ta fodya, amapinda tsamba lomangira kawiri n'kulilowetsa m'kati, ndipo iye anakula akuona zimenezo. Anaona timitoloto m'chipinda chathu chosungira katundu Lachinayi lomwe lija. Anasunga mawu ake mpaka tsiku lina tili pa geti la chipatala, ndikumupatsa chakudya. Anangondiuza kuti soya wa ku Lisasadzi chaka chino wamera masamba aatali, n'kutembenuka kulowa. Kunditukwana kukanandikomera. Kwa milungu ingapo ankandilankhula zofunika zokhazokha, mchere watha, mwana akufuna kope.

Apongozi anatuluka patatha pafupifupi milungu iwiri, amoyo. Anthu anabwera kudzathokoza Mulungu, ndipo aliyense ankati chimfine cha chaka chino chinali chaukali. Ine ndinkavomera ndi mutu. Koma mpweya wawo sunabwerere wonse. Kuchoka pakhonde kupita kuseri kwa nyumba ankapumula kawiri. Itafika nthawi yofesa nazale anayesa kutsikira kudambo ndi khasu, anabwerera panjira. Chaka chimenecho sanabzale fodya, ndipo chigafa chawo choyanikira masamba chinagwa ndi mvula yoyamba popanda wochikonza.

Ndinapita kukawauza nditatsimikiza kuti ndilibe ngakhale kamfine. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete masana. Ndinali nditakonza mawu panjira, okhala ndi poyambira pabwino ndi zifukwa zake, koma nditakhala pansi anabalalika onse. Ndinangoti tsiku lija ndinkadwaladi, ndinkadziwa, ndipo mwana wawo anali atandiletsa kubwera.

Anayang'ana kumunda. Kenako anati anazindikira potsanzikana, atagwira dzanja langa n'kumva mmene linkatenthera, koma apo n'kuti titakhala kale m'kati muja theka la tsiku. Anapuma kaye, chifukwa masiku ano amalankhula modukizadukiza.

"Mukanangonena, akamwini. Fodyayo ndikanakusungirani. Wa kumpoto uja ndinali nditamukana kale, ndinamuuza kuti ndili ndi mwana wogula."

Sanati andikhululukira, ndipo sanati sandikhululukira. Anaitana apongozi aakazi kuti andiphikire tiyi. Ndinamwa tiyi ameneyo ngati mankhwala.

Tchalitchi chawo chili kutsidya kwa dambo, ndipo moyo wawo wonse ankapitako wapansi. Tsopano sangafike. Lamulungu lililonse ndimadzuka m'mawa kuchoka kwathu kukawatenga pa njinga yamoto. Palibe anandituma, ndipo iwo sanandithokozepo, amangotuluka atavala jekete lawo lakuda n'kukwera. Ndikadzuka pakhosi pakukanda ndimatuma wa kabaza, ndipo mkazi wanga ndi amene amagamula zimenezo, osati ine. Panjira amandigwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Ndimayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha fumbi, ndipo pa mtunda wonsewo ndimamva kupuma kwawo kumsana kwanga, kukokera m'kati movutikira, kutuluka ndi kamluzu. Tikafika amatsika, n'kuima atagwira chiwongolero mpaka mpweya utakhazikika, ine n'kudikira.