Amuna anga anaikidwa ndi dzina la eni

Ndinalephera kutengera maliro a amuna anga kumudzi chifukwa cha dzina. Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukundiwawa, ndipo sindikufuna kuti wina adzaone zimene ndinaona ine kuno ku Doha.

Ine ndi a Yusufu tinamanga nikaha kumzikiti wa kwathu ku Machinga, shehe n'kutipatsa pepala la ukwati. Popangitsa pasipoti ndinalembetsa dzina la kwawo, la Matola. Iwo anakhalitsa ku Joni. Nthawi ina alendo akuthamangitsidwa, mkulu wina wa ku Durban anawabisa m'nyumba mwake n'kumawasunga ngati mwana wobereka yekha. Atapatsidwa unzika wa dzikolo anasintha dzina mwalamulo n'kutenga la mkulu uja, Khumalo. Masiku amenewo kwathu sankalola unzika wa mayiko awiri, choncho pasipoti ya Malawi anaisiya. Ine ndinkangoseka, kumawatchula kuti Mzulu wa ku Machinga.

Atapeza ntchito yoyendetsa galimoto pa hotela ina ku West Bay kuno ku Doha, nanenso ndinabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal. Iwo ankagona chipinda chimodzi ndi anzawo ku Al Mansoura, ine kwa madamu. Tinkaonana Lachisanu lokha. Titamva kuti lamulo kwathu lasintha, anandiuza tikumwa tiyi.

"Amake Amina, tikapita pa livu tikakonze ma-documents. Ine Khumalo, inu Matola. Mu system ya kuno palibe akudziwa kuti ndife banja."

Ine, pakamwa panga pomwepa, ndinawayankha kuti livu ndi yokaona ana, osati yokaima pamizere m'maofesi. Ndinati shehe amatidziwa, mudzi wonse unadya mpunga wa ukwati wathu, nanga pepala liposa pamenepo? Anangopukusa mutu. Tinapita kumudzi, tinabwerako, osakonza kanthu.

Tsiku lina masana mnzawo wa kuchipinda anandiimbira kuti a Yusufu agwa pantchito. Ndimafika kuchipatala atatisiya kale, mtima wawo utangoima. Ine misozi ili mbwembwembwe, mayi wa pawindo anandifunsa kuti malemuwo ndi ndani wanga. Ndinati amuna anga. Anayang'ana chiphaso changa, n'kuyang'ana chawo, kenako anandiuza mwaulemu kuti mayina sakugwirizana. Ana atatumiza chithunzi cha pepala la nikaha, nalonso linkanena za Yusufu Matola, pomwe wogona m'chipinda chozizira anali Khumalo wa ku South Africa. Kukampani, pa malo a m'bale, analembetsa mkulu wa ku Durban uja, amene anali atamwalira kalekale. Pepala losonyeza kuti anasintha dzina linatsala ku Durban komweko, m'sutikesi imene palibe ankadziwa kumene inapita.

Sindingamuloze chala munthu. Madamu anandiyendetsa pa galimoto yawo ofesi ndi ofesi, akungoti inshallah zitheka. Koma kulikonse ankafuna chilolezo cha m'bale wodziwika pamapepala, ndipo ine sindinali kanthu. Ankati zikhoza kutheka ndithu, koma umboni uchokere mayiko awiri, ndipo zitenga nthawi. Ife Asilamu sitigoneka maliro. Uku masabata akupita, kumudzi anthu ali pa siwa, akungodikira bokosi.

Amene anadula nkhani ndi apongozi anga, mayi awo. Anandiimbira foni.

"Mwananga, wayesetsa. Koma mwana wanga asagone mu firiji ngati nsomba. Auze anzake amuike komweko, dothi ndi la Mulungu konsekonse."

Amalawi anzathu, alonda ndi madalaivala, anawasambitsa, kuwaswalira n'kukawaika m'manda a kuno. Amene anasayina ndi bwana wa kukampani. Ine amene ndinawaberekera ana ndinatsala kukhitchini kwa madamu, ndikulira chamumtima.

Inu owerenga, mnzanu akatenga unzika wa dziko lina, kapena akasintha dzina, musaseke monga ndinachitira ine. Kalembetseni ukwati wanu ku boma ndi dzina latsopanolo. Pepala losinthira dzina likhale ndi nonse awiri, lina kumudzi. Ngati lamulo likulola, bwezeretsani unzika wa kwathu mukadali ndi mpweya, ndipo kuntchito lembetsani munthu wamoyo amene angadzakuyankhulireni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lero ana anga ali ndi chikalata cha imfa ya munthu amene pamapepala si bambo awo. Apongozi anandifunsa posachedwapa kuti pamanda paja analembapo dzina liti. Ndinangoti netiweki ikuvuta, n'kudula foni.