Kawalala wa ku Silverest

Salome Mwanza anagula poloti ku Silverest kukadali tchire, anthu akumuseka kuti akukakhala ndi njoka. Lero kanyumba kake ka malata kazunguliridwa ndi mipanda italiitali ya anthu ogwira ntchito ku Lusaka, amene amanyamuka m'mamawa pa magalimoto n'kubwerako madzulo nkhope zili gwa. Iye anachokera ku Katete ali mtsikana, anakwatiwa, mwamuna n'kumwalira, ndipo mwana wake mmodzi, Towela, anamulera ndi makina osokera. Amasoka mayunifomu a sukulu, madiresi a ukwati ndi zovala za amayi a kwaya. Aliyense ankadziwa kuti pakhomo pa Salome sipaponda chiweto. Ngakhale nkhuku ankati n'zauve.

Koma mphaka wina anafika nthawi ya mvula, nthiti zili pamtunda, khutu limodzi long'ambika. Anakhala pansi pa benchi ya makasitomala ngati nayenso wabwera kudzayesa diresi. Salome anamupirikitsa ndi tsache. Mphaka anangozungulira nyumba n'kubwerera pamalo pomwepo. Patapita masiku, Salome anamuikira tinsomba ta kapenta pa chivindikiro cha poto.

"Udye, uyende," anatero. "Pano si pa hotela."

Kudya anamva. Zoyendazo sanazimve.

Towela, amene ndi namwino ku Lusaka, ataimba foni anamva kulira kwa mphaka.

"Amama, mwatenga pusi? Imwe?"

"Sininatenge. Nimusunga chabe mpaka mvula isile."

Mvula inatha, chimanga chinauma m'minda, mphaka ananenepa. Salome anamutcha Kawalala, poti tsiku lina anaba nsomba m'poto ali pa mbaula. Ankagwetsa chitini cha mabatani n'kukhala pambali kuonerera mwiniwake akutola mogwada. Ulusi ankaukulunga m'miyendo ya mipando. Mayunifomu ositasita ndiwo anali bedi lake. Makoswe sankalimbana nawo konse, koma buluzi wamoyo anamubweretsa yekha n'kumuika m'chikwama cha mayi wina amene anali kuyesa siketi. Mayiyo anakuwa mpaka anthu a pamsewu anaima.

Choopsa chinachitika pa diresi la ukwati la Selestina, mwana wa mkulu wa mpingo. Salome atatuluka kukatunga madzi, pobwera anapeza Kawalala akulendewera pa diresilo, zikhadabo zitang'amba nsalu kuyambira m'chiuno kutsika. Analira misozi yeniyeni. Kenako anadula timaluwa ta nsalu yotsala n'kusokera ponse pong'ambika. Selestina atabwera anaomba m'manja.

"Ba Salome, aya maluwa! Munaganiza bwanji?"

"Nzelu zimabwela chabe," anayankha Salome, akuyang'ana mphaka ndi diso lofiira.

Ukwati utatha, atsikana anayamba kubwera kufuna diresi la maluwa ngati la Selestina. Salome sanathokoze aliyense. Kasitomala aliyense ankamuuza mawu omwewo: amene afuna mphakayu atenge lero lomwe, ndi thumba lomunyamulira adzapatsidwa.

Loweruka lina kunabwera Ba Davies, a nyumba yachitatu kuchokera kwa Salome, ogwira ntchito m'boma, atanyamula buluku loti alifupikitse. Ataona mphaka ali tambalale pa makina anadzidzimuka.

"Aa, Bupe! Uchita chani kuno?"

"Bupe ndani?" anafunsa Salome.

"Pusi wanga. Ninamutola pa geti nthawi ya mvula, anali oyonda maningi."

Ba Davies anafotokoza monyadira. Kwawo mphakayu anali ndi khushoni yakeyake. Ankadya chakudya cha m'chitini chogula m'tauni. Ankawadikirira pa geti madzulo aliwonse. Sanagwetsepo ngakhale kapu.

Mawu omalizawo ndiwo anamulasa Salome. Ndiye kuti ulemu wonse unkapita kwa Ba Davies, kwa iye kunkabwera buluzi.

"Uyu ni wanga," anatero. "Ninamupeza ali mafupa yekayeka."

"Koma Ba Salome, nimvela mumakamba ati amene afuna atenge."

"Uko ni kukamba chabe!"

Buluku analifupikitsa mopitiriza pang'ono, ndipo sanapepese. Mpikisano unayambira pamenepo. Salome, amene nyama ankadya Lamlungu lokha, anayamba kugula chiwindi pakati pa sabata. Ba Davies anamuveka mphaka kalamba ka belu m'khosi. Salome anakavula n'kumusokera kena ka chitenje. Mphaka ankadya uku, n'kukadya uko, mimba ikukulirakulira, onse awiri akunyadira kuti ndi chakudya chawo.

M'mawa wina Salome anatsegula dengu la nsalu za amayi a kwaya, zofunika Lamlungu lomwelo, n'kupeza Kawalala atagona cham'mbali, tiana tonyowa tikuyamwa. Nsaluzo zinali zosayang'anika. Anaimirira kanthawi manja ali m'chiuno, kenako anapita kukagogoda pa geti ya Ba Davies kuti abwere adzaone adzukulu awo.

Ba Davies anafika atavala kale tayi. Anasuzumira m'dengu, anayang'ana nsalu, n'kukhosomola.

"Ba Salome, iyi nkhani naiganizilapo bwino. Ndimwe munayamba kumupeza. Sinifuna kukangana na munthu mukulu. Pusi ni wanu."

Madzulo ake anatumiza khushoni ija, ndi belu lomwe.

Amayi a kwaya anaimba atavala zitenje zakale. Tiana tija Salome anayesa kugawa kumpingo, koma aliyense anali ndi galu, kapena mwana wa chifuwa, kapena mwamuna wosafuna. Tinakula tonse, ndipo palibe kamene kanatengera khalidwe la kwa Ba Davies.

Masiku ano mukadutsa pa nyumbayo mudzamupeza Salome akusokera pakhonde, fumbi la magalimoto likumuwaza, nsalu zonse atazitsekera m'sutikesi. M'chipinda chosokera muli amphaka. Mukamufunsa chifukwa chake anatulutsa makina, amati maso akukalamba, ndipo panja m'powala bwino.