Mfundo Makumi Awiri ndi Zinayi za Mwanahamisi

Inu amene mwagwira ntchito chaka chathunthu m'manja osatsala kanthu, nkhani iyi ndi yanu.

Kumapeto kwa chaka cha 1968, Mwanahamisi anaima m'kantina, sitolo ya ku Chiuta kutsidya kolamulidwa ndi Apwitikizi, atagwira kansalu koyera. Anali atakachapa dzulo lake kuti amangemo ndalama. Mwini kantinayo, mzungu wa Chipwitikizi amene anthu ankamutcha Senyolo Lapizi chifukwa cha lapizi, ndiye kuti pensulo, yosachoka kukhutu kwake, anatsegula buku, nawerengera, natsekanso.

"Phindu la chaka chino ndi maeskudo mazana asanu ndi anayi," anatero. "Gawo lanu, mama, palibe."

Mwanahamisi anaseka poganiza kuti mzunguyo akuchita nthabwala. Ataona kuti lapizi yabwerera kukhutu, anadziwa kuti si nthabwala. Anatuluka kansalu kali kopinda monga anakabweretsera, ndipo njira yonse yopita kudooko analira ngati maliro ayambanso.

Kuti mumvetse misozi imeneyi, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mwamuna wake, Asani, anali msodzi wa pa nyanja ya Chiuta. Analibe ndalama zogulira maukonde a nayiloni, choncho anadinda chala pa kontalato, pangano lolemba la zaka zisanu, ndi Senyolo Lapizi. Mzunguyo ankapereka maukonde ndi mchere, Asani ankapereka bwato ndi thukuta. Chaka chikatha ankachotsa zonse zolowa pantchito, phindu n'kugawana pakati. Nsomba ya ndiwo yokha ndiyo sinkalembedwa m'buku.

Chaka choyamba chisanathe, mvuu inagubuduza bwato pakati pa mabango. Bwatolo linapezeka, Asani anapezeka patapita masiku awiri, koma maukonde onse anapita. Chimene chinatsala ndi chingwe chimodzi cha m'mphepete mwa ukonde, chimene Mwanahamisi anachitola pagombe n'kukachipachika kudenga. Sanafune kuti munthu aliyense achikhudze.

Masiku ake okhala m'nyumba polira mwamuna wake atakwana, anapita kukantina kukapempha kuti kontalato ya malemuyo ipitirire m'dzina lake. Mchimwene wake, Nasoro, anavomera kupalasa bwato, iye n'kumawamba nsomba. Senyolo Lapizi anavomera, nalemba m'buku zotayika zonse za chaka chimenecho, maeskudo 2,400. M'munsi mwake analembamo liwu limodzi, nalitchula mokweza: "Transita."

Apa ndi pamene panagona tsoka lake, chifukwa liwulo Mwanahamisi ankalidziwa. Sabata lomwelo mwana wake mmodzi yekhayo, Rukiya, anali atabwera kuchokera kushikola, monga ankatchulira sukulu kumeneko, akudumphadumpha ndi pepala la mayeso limene aphunzitsi ake, apulofesoli, anamupatsa.

"Amayi, apulofesoli alemba kuti transita! Ndiye kuti ndadutsa, kalasi yoyamba yatha!"

Choncho mzungu atanena liwu lomwelo, mayi wamasiyeyo anamva kuti zadutsa, zatha, zakhululukidwa. Anagwada pansi m'kantinamo nathokoza, mzunguyo n'kumuyang'ana modabwa. Kunyumba anapha nkhuku. Chaka chotsatira anagwira ntchito ngati munthu wopanda mafupa, maso atafiira ndi utsi, akuwerengera mumtima theka la phindu. Ndiye chaka chimene anabwerako ndi kansalu kopanda kanthu.

Anakhala masiku atatu osayatsa moto wowambira. Tsiku lachinayi Rukiya anabwera kuchokera kushikola, nakhala pafupi ndi mayi ake pamkeka.

"Amayi, ndafunsa apulofesoli za liwu lija. Akuti tanthauzo lake n'kuwoloka. Ine ndikamawoloka kupita kalasi ina, ndimawoloka ndi zonse zili m'mutu mwangamu. Zotayika za ababa nazonso zinawoloka nafe kulowa chaka chino."

"Ndiye kuti ndi ngongole? Adzatilanda mbuzi?"

"Akuti ayi. Sangakulandeni kanthu. Koma phindu likapezeka, liziyamba latseka zotayikazo. Zikadzatha, m'pamene muzidzagawana."

Mwanahamisi anayang'ana kudenga kumene kunali chingwe chija. Kenako anafunsa funso limene linasintha moyo wake.

"Nanga mazana asanu ndi anayi aja apita kuti?"

"Atseka, amayi. Zatsala chikwi chimodzi ndi mazana asanu."

Anadzuka, natsitsa chingwe cha Asani chija. Sankadziwa kulemba, koma mfundo ankazidziwa, poti anakulira pakati pa osoka maukonde. Anamanga mfundo makumi awiri ndi zinayi, iliyonse kuimira maeskudo zana. Kenako, Rukiya akuwerenga mokweza, anamasula zisanu ndi zinayi. Atachitambasula, mbali yomasulidwayo inali yaitali kuposa mkono wake.

"Kodi thukuta langa lili apa?" anatero akusisita chingwecho. "Ndimayesa linagwera m'madzi."

Mawa lake moto unayaka pansi pa thandala.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinthu zinayenda myaa. Chaka chachitatu cha kontalato mvula inavuta, nyanja inaphwa mpaka bwato ankalikoka m'matope mtunda wautali kuti lifike pamadzi. Nsomba za makumba zinasowa, milamba inali yowonda ngati ndodo. Banjalo linkadalira chinangwa cha m'munda ndi nsomba ya ndiwo ija. Amayi anzake kudooko ankamuseka poyera. "Onani mkazi wa mzungu wosakwatiwa, amuwambira nsomba zaulere!" Iye ankangoti, "Zikomo," n'kupitiriza kutembenuza milamba yake. Koma mawuwo ankamupweteka, ndipo masiku ena ankalowa m'nyumba masana n'kukalirira kumeneko.

Chaka chitatha, phindu linali mazana asanu ndi awiri. Gawo lake linali lomwe lija: palibe. Anabwerera kunyumba n'kumasula mfundo zisanu ndi ziwiri. Zinatsala zisanu ndi zitatu.

Apa Nasoro mtima unamuthera. Sanali munthu woipa, koma anali ndi ana ake, ndipo kamalipiro ka wopalasa sikankakwana n'komwe sopo. Nthawi imeneyo njanji yochokera ku Nova Freixo inali ikuyandikira ku Entre Lagos, ndipo amuna ambiri ankathamangira kumeneko.

"Achemwali, tisiye zimenezi," anatero. "Zaka ziwiri mukudya chingwe? Ine ndine mjomba wa mwanayu, malume ake enieni, ndiyenera kumuganizira. Ku Entre Lagos kuli kalaliki wa njanji akufuna wolera ana. Rukiya akadya bwino, akavala, n'kumakutumizirani kangachepe."

Rukiya anali pakhomo akupeta mpunga wa eni ake. Lichero linaima. Anali atangodutsa kalasi yachitatu, ndipo apulofesoli anali atanena kuti akakhoza yachinayi akhoza kupitiriza ku Nova Freixo, ngati pangapezeke ndalama ya ulendo, zovala ndi zolembetsera. Kudooko konse kunalibe mtsikana amene anafikapo pamenepo.

"Achimwene," anatero Mwanahamisi, "ndipatseni chaka chimodzi. Mfundo izi zikapanda kutha, mwanayu mudzamutenge nokha, ine sindidzatsegula pakamwa."

Nasoro anayang'ana chingwe, nayang'ana mwana wa mlongo wake, napukusa mutu. "Chaka chimodzi. Mulungu ndi mboni."

Sabata lomwelo Senyolo Lapizi anaitanitsa Mwanahamisi. Anamupatsa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo, namuthirira tiyi wa shuga.

"Mama, mwavutika mokwanira. Ting'ambe pepalali. Inu mulibe mlandu ndi ine, ine ndilibe mlandu ndi inu. Maukonde ndilemba anyamata anga aganyu."

Kunena zoona, mawuwo anakoma. Kung'amba pepala kunali kupuma, kusiya utsi, kusiya kusekedwa. Koma Mwanahamisi anakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zaka ziwiri zanjala mzunguyu sananenepo za kung'amba. Bwanji lero, pamene njanji yafika pamphuno ndipo nsomba zatsala pang'ono kukwera mtengo? Anaika kapu pansi osamaliza tiyi.

"Senyolo, dzenje lija ndakwirira ndi manja angawa, latsala pang'ono kudzaza. Mukufuna ndichoke kuti pamwamba pake mubzalepo nokha? Chala changa chili papepalapo zaka zisanu. Zatsala ziwiri."

Mzunguyo anakanda kukhutu kumene kunali lapizi. Kenako anaseka pang'ono, ngati munthu wogwidwa akubera bawo. "Kontalato ndi kontalato," anatero, nabweza pepalalo m'kabati.

"Ndiye chinanso," anawonjezera Mwanahamisi. "Mukamawerengera, mwana wanga azikhalapo."

Chaka chachinayi mvula inabwera yokwanira, nyanja inadzaza mpaka m'mabango. Koma musati ndi mvula yokha imene inamupulumutsa, poti inagwera asodzi onse mofanana. Anzake ankagulitsa nsomba padooko pomwepo kwa anyamata a njinga, pamtengo umene anyamatawo anena. Mwanahamisi anaona kuti antchito a njanji ali ndi malipiro m'thumba koma alibe ndiwo. Anayamba kuwamba milamba yake mosamala, ndi nkhuni zouma bwino, mpaka inkatuluka yofiirira, yosawola ngakhale patapita sabata. Ankasenza dengu pamutu kupita ku Entre Lagos, ulendo wotupitsa mapazi, pomwe Nasoro ankamutsatira ndi lina panjinga yobwereka.

Sitima itayamba kuyenda, ogula anachuluka. Amalonda ochokera tsidya la Malawi ankafunsa kuti, "Mayi wa milamba yofiira uja ali kuti?" Eskudo iliyonse Mwanahamisi ankaipereka kukantina kuti ilembedwe, Rukiya ataima pambali akuyang'ana lapizi ikuyenda. Nasoro ananong'onezapo mlongo wake kuti abiseko pang'ono, poti mzungu sakaona zochitika kusiteshoni. Iye anakana. "Ndikaba pamenepo ndikuba mfundo zanga zomwe," anatero.

Tsiku lowerengera linafika. Sanachape kansalu ulendo uno, ankaopa kudzipweteka kachiwiri. Anangotenga chingwe n'kuchikulunga m'chiuno pansi pa nsalu.

Senyolo Lapizi anawerengera kawiri. "Phindu ndi maeskudo zikwi ziwiri. Tichotse mazana asanu ndi atatu otsala aja. Patsala chikwi chimodzi ndi mazana awiri. Theka lake, mazana asanu ndi limodzi, ndi lanu."

Mwanahamisi sanayang'ane ndalamazo. Anatembenukira kwa mwana wake. "Yang'ana m'munsimo. Liwu lija lilimo?"

Rukiya anayendetsa chala mpaka pansi pa tsamba. "Mulibe, amayi. Palibe chowoloka."

Pamenepo mayiyo anamasula chingwe m'chiuno, nakhala pansi pa simenti ya m'kantina, anthu ogula mchere ndi palafini akumuyang'ana. Anamasula mfundo imodzi imodzi. Yomaliza inali italimba ndi zaka, mpaka anaigwira ndi mano. Itamasuka anati, "Alihamudulillahi. Asani, maukonde ako ndabweza." Nasoro, mwamuna wamkulu wandevu zake, anatuluka panja msangamsanga ngati waitanidwa, kuti anthu asaone nkhope yake. Ndalamazo Mwanahamisi anazimanga pakona ya nsalu imene anavala.

Patangopita masiku ochepa, Rukiya anabwera ndi pepala la kalasi yachinayi. Sanadumphe monga kale, anali atakula. Anangoliika m'manja mwa mayi ake n'kuloza liwu limodzi.

"Ili ndiye ndikulidziwa," anatero Mwanahamisi akuseka, misozi ili mbwee. "Lili ndi nkhope ziwiri ngati anthu ena, koma lero labwera ndi yabwino."

Tsiku la ulendo, pasiteshoni ya Entre Lagos, kabokosi ka malata ka Rukiya kanakana kutsekeka, loko wake anali wakufa. Nasoro anayamba kufunafuna luzi. Mwanahamisi anamuletsa, natulutsa chingwe chija, chosalala, chopanda mfundo ngakhale imodzi. Anazunguliza bokosilo kawiri n'kumanga mfundo imodzi yolimba.

"Iyi ukamasule wekha ukafika," anatero. "Ndi chingwe cha bambo ako. Chinasenza zotayika zaka zitatu, lero chisenze mabuku."

Rukiya anadzakhala mphunzitsi. Mayi ake, kontalato itatha, anagula maukonde akeake ndi gawo la chaka chachisanu, ndipo amayi aja ankamuseka kudooko ena mwa iwo anadzamupempha kuti awaphunzitse kuwamba milamba yofiira. Anawaphunzitsa, osawakumbutsa kanthu.

Tsono inu owerenga, mwina nanunso muli m'chaka cha "palibe". Mwina bizinesi yanu idakali kutseka zotayika za kale, mwina mukulipira zolakwa zimene simunachite ndinu, ndipo anzanu akukufunsani ngati mukudya chingwe. Kumbukirani kuti "palibe" wa Mwanahamisi sanali wofanana chaka ndi chaka. Woyamba anasiya mfundo khumi ndi zisanu, wachiwiri anasiya zisanu ndi zitatu. Akanangoyang'ana m'manja mokha, akanang'amba pepala kutatsala chaka chimodzi, wina n'kudzakolola pamene iye anakwirira.

Funsani tanthauzo la liwu lililonse musanadinde chala, ndipo mukadinda, dziwani pamene mwafika. Akulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Werengani mfundo zimene mwamasula kale, osati zotsala zokha. Osataya mtima, yomaliza ija imalimba, koma imamasuka.