Nsalu ya Ulusi Wofiira

Ndikukumbukira fungo la njinga ya azakhali a Rozalina: mafuta ophikira amene ankathira ku tcheni, fodya wa m'mphuno, ndi thukuta la nkhalamba yosamva zonena anthu. Sanali azakhali anga enieni. Ananditola m'mbali mwa mtsinje wa Ruo nthawi ya nkhondo, anthu akuthawira ku Malawi, ndili kamwana kongoyamba kuyenda, nditakulungidwa mu kapulana, nsalu ya mayi amene palibe anawaona. Ku kampu ya othawa nkhondo anandilembetsa pa khadi lawo la chakudya n'kundipatsa dzina loti Lusiya. Koma ndikawaitana kuti amayi, ankandidula mawu. "Ine si amako. Amako ali ndi dzina lawo, ndipo tidzalipeza."

Mtendere utabwera tinabwerera ku Mongue, ine ndili ndi zaka ngati khumi. Pamene panali nyumba ya azakhali tinapeza chulu ndi chitedze. Anzawo anagwira makasu, ena anayamba kuumba njerwa. Iwo, mayi wamasiye wa imvi mutu wonse, anagulitsa mabulangeti amene tinapatsidwa pobwerera n'kugula chinjinga chopanda mabuleki. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera akuphunzira kupalasa. Anagwera m'chinangwa, anagwera m'khola la nkhumba la eni ake, tsiku lina anagunda akatekisi atanyamula madzi odalitsa. Amayi a m'mudzi ankaseka mpaka kugwira nthiti, amati nkhalambayi nzeru inazisiya ku kampu. Iwo ankangosasa fumbi, kufwenkha fodya wawo, n'kukweranso.

Ntchito imene anadzipatsa inali yonyamula mayina. Nkhondo inamwaza anthu, ndipo aliyense anali ndi wake amene sankadziwa ngati ali moyo. Azakhali kulemba sankatha, koma mutu wawo sunkataya kanthu. Lamulungu lililonse linkatipeza pa kapela ina. Mapemphero akatha ankaimirira n'kuyamba kutchula: uje wa chala chodulidwa, mkazi wake akumufuna ku Majaua, uje wachibwibwi, amayi ake anamanga kuseri kwa phiri la Tumbine. Nthawi zina munthu ankangolira mokuwa kumbuyo, ndiye kuti dzina lapeza mwini wake. Ana atatu a azakhaliwo, amene anasowa tsiku limodzi mudzi utawotchedwa, ankawatchula kumapeto. Palibe anayankhapo.

Ine malo anga anali pa kaliyala, miyendo itatambasuka kuopa masipoko. Misewu inali isanachotsedwe mabomba okwirira, choncho tinkatsata mkukuluzi wa matayala a anzathu osapatuka ngakhale phazi limodzi. Mkodzo ukandigwira ndinkanjuta pakati pa msewu, azakhali atanditchinga ndi nsalu, uku akutukwana aliyense wosuzumira. Pamene mlatho unagwa ankasenza njinga pamutu, ine nditagwira mpendero wa diresi lawo. Potsetsereka ankaimitsa njinga ndi chidendene pa tayala, akufuula kuti nkhuku zipatuke. Tinkadya chinangwa chowotcha ndi nzimbe zopatsidwa, tinkafika m'midzi tili psuu ndi fumbi. Ndinene zoona, sindinakondwereponso ngati masiku amenewo.

Nsalu imene ananditoleramo ankayenda nayo m'kathumba. Inali yachikasu, yosuluka, yofanana ndi nsalu zina zambirimbiri, kupatula mpendero wake. Telala anaupinda ndi ulusi wofiira, ndipo makina ake ankalumpha: kusoka pang'ono, kusiya mpata, kusokanso. Azakhali ankaitambasula pa kapela iliyonse, ine n'kumaima pambali monyada ngati mwini phwando. Ndinkaona kuti nsaluyo ikufupika, koma ndinkanamizira makoswe.

Maso anga anatseguka tsiku limene tinakatula Tereza, mtsikana wa msinkhu wanga amene ankaleredwa ndi banja lina m'mudzi mwathu. Abale ake atapezeka analulutira, anapha nkhuku, anayamika azakhali. Koma pamene tinkachoka Tereza anathamangira njinga yathu akulira, mpaka anagwa chafufumimba. Azakhali sanacheuke. Ndipamene ndinazindikira kuti ine ndine katundu wotsatira.

Tsiku lina masana, iwo atapita kukachapa, ndinatenga nsalu ija n'kuiponya pamoto. Inapsa msanga, inanunkha ngati tsitsi. Atabwera anatakasa phulusa ndi kamtengo kwa nthawi yaitali. Ndinayembekezera mbama, koma sinabwere.

"Chinthu chimodzi chimene amako anakusiyira, wachiwotcha ndi manja ako," anatero. "Ndiponso wachedwa."

Sanali makoswe. Pa kapela iliyonse ankadula kachidutswa ka mpendero n'kusiyira akatekisi, kuti wodziwa ulusiwo adzanene. Amayi anga anali atamwazidwa kale boma lonse la Milange.

Mvula isanayambe kunabwera uthenga wochokera ku Molumbo: telala wina wauzindikira ulusi wake. Unali ulendo wa masiku awiri. Ndinaphwetsa tayala kawiri, iwo anapopa kawiri. Telalayo, a Jowakimu, anali bambo woonda wa magalasi omangidwa ndi waya. Sanandiyang'ane kaye. Anatenga sanza, anaiyika pa makina n'kupalasa ndi phazi, ndipo ulusi unalumpha chimodzimodzi. Makinawo anawakwirira pansi nkhondo yonse, ndipo chilema chake sichinachoke. Kenako anavula magalasi n'kulira ngati mwana. Anatiuza kuti nsalu ija anaipindira mlongo wawo, amayi anga, amene anawomberedwa asanawoloke mtsinje. Dzina lawo linali Madalena, langa Juliyeta.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Panalibe chokambirana. M'mawa mwake azakhali atatulutsa njinga, ndinakakamira kaliyala ndi manja onse awiri.

"Azakhali, ndizidya pang'ono. Ndizilima. Musandisiye."

"Chibale ndi fupa, Lusiya, sichiola."

"Sindikuwadziwa anthu awa."

Anawerama mpaka ndinamva fungo la fodya wawo. "Kwinakwake kuli munthu akusunga ana anga ali chete, chifukwa anawakonda. Munthu ameneyo ndimamutemberera tsiku lililonse. Ukufuna ndikhale iyeyo?"

Anachotsa zala zanga chimodzichimodzi. Ine sindinathamange ngati Tereza. Ndinawalavulira malovu kumbuyo.

Sindinganame kuti amalume anali ankhanza. Ankandidyetsa, anandisokera madiresi. Koma pakhomo ankayankhula Chilomwe, chimene sindinkachimva, ndipo akaitana Juliyeta ndinkacheuka kufuna mwini dzina. Ana awo ankanditcha wa ku kampu. Sukulu inali kutali, mtsuko unali pafupi, ndiye anandisankhira mtsuko. Anthu ankati ndili ndi mwayi, ndapeza magazi anga. Fupa lija siliola ndithu, koma palibe anakhutapo fupa. Ndinkadana ndi azakhali ndi mtima wanga wonse, kwinaku ndikutchera khutu belu lililonse la njinga.

Azakhali anabwera titakolola. Ndinamva belu lawo losasa mawu ndili kuseri kwa nyumba, ndipo m'malo mothamangira kumsewu ndinalowa m'munda wa nandolo n'kugona chafufumimba. Ndinkafuna alawe kufunafuna ine. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, amalume akundiitana mbali zonse. Kenako ndinawaona akubwera okha mpaka m'mphepete mwa munda, akutsimphina, atawonda. Ndikhulupirira anaona mapazi anga, poti anaima poyang'anizana ndi ine.

"Lusiya," anaitana. Anadikira. Kenako motsitsa mawu anati, "Mwana wanga."

Zaka zonse zija sananditchulepo choncho. Nyerere zinkandiluma m'khosi, misozi inkalowa m'dothi, koma ndinaluma mlomo. Ndinati adzabweranso, ndipo ulendo umenewo ndidzatuluka. Anasiya kathumba ka mtedza pakhonde, ndipo ndinamva belu likuchepera kumsewu.

Anamwalira mvula yotsatira, panjira ya ku Majaua, akukapereka uthenga wa mwana wa eni ake. Anawapeza atatsamira mtengo, njinga ili pambali. Ife tinamva patatha mwezi. Ndinauzidwa kuti pa maliro anthu anali ochepa, poti kunali matope ndipo inali nthawi yopalira. Onse aja anawaphera nkhuku anali otanganidwa ndi abale awo amene nkhalamba yopenga inawapezera. Ndimawanyoza anthu amenewo mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti woyamba kubisala ndinali ine.

Nditakula ndinagula njinga yangayanga, yamabuleki, n'kuzungulira makapela aja kufunsa tizidutswa ta nsalu. Akatekisi ambiri anali atamwalira, makapela audzu atasanduka amalata, ndipo achinyamata ankandiyang'ana ngati wamisala. Ku Mongue kokha mayi wina wokalamba anatulutsa kachidutswa m'buku lake la nyimbo, kotalika ngati chala, ulusi wofiira ukulumpha monga kale. Ndi chimenecho chokha chimene ndili nacho cha amayi onse awiri.

Masiku ano munthu akasowa amangotumiza chithunzi pa foni, dzuwa lisanalowe wapezeka. Njinga zamoto zimafika ku Molumbo tsiku lomwelo, ndipo ana anga akamva zoti mayi wa imvi ankasenza njinga pamutu chifukwa cha dzina la mlendo, amati ndikuwonjezera. Sindilimbana nawo. Mayina a ana atatu a azakhali ndimawadziwa pamtima, Anderea, Filomena ndi Zakariya, ndipo ndikapemphera pa kapela yachilendo ndimaimirira n'kuwatchula. Anthu amayang'ana mafoni awo. Ndikamaliza ndimawonjeza dzina lachinayi, Lusiya, n'kunena kuti amayi ake anali a Rozalina. Nthawi yoyankha inali m'munda wa nandolo muja, ndipo ndinakhala chete.