Nsalu Ziwiri pa Chingwe Tsiku la Sabata

Chinthu chimodzi sindinachimvetse pa Mayi Seonag Macritchie: ankapemphera nthawi yanji. Zaka makumi awiri ndakhala mlembi wa mpingo m'mudzi wathu pachilumba cha Lewis, ndipo sindinawaonepo atakhala pansi mpaka tiyi kuzizira. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti kutamanda munthu n'kumutchera msampha, choncho sindiwatamanda. Ndingonena zimene ndinaona.

Sanakwatiwe. Anali ndi nkhosa khumi ndi zinayi, ndiponso nkhalamba zisanu ndi imodzi zimene ana awo anapita kumizinda. M'mawa uliwonse ankayenda khomo ndi khomo: uyu kumusambitsa, uyu kumuphikira phala, uyu kumumeta ndevu. Kumapemphero a Lachinayi ankafika mochedwa, manja akununkha sopo, ndipo nthawi zina ankawodzera. Tsiku lina ndinawafunsa za mapemphero awo akuyanika zovala.

"Bambo mlembi, simukuona?" anatero, pegi ili kukamwa. "Pegi imodzi, dzina limodzi. Iyi ndi ya mkazi wanu ndi bondo lake lija. Yanu ndi iyi yopindikayi."

Mwa nkhalamba zija munali Bambo Ruairidh Gillies, amene anatitsogolera kuimba masalimo zaka makumi atatu asanafe ziwalo. Anali munthu waulemu wake, woti ngakhale ali chigonere ankafuna tayi pakhosi alendo akamabwera.

Kwathu kuno Sabata ndi Sabata. Sitilima, sitisodza, ndipo chingwe choyanikira zovala chimakhala chopanda kanthu. Koma Lamulungu lina la mwezi wa Seputembala, mvula itagwa sabata yathunthu n'kukata m'mawa womwewo, anthu popita kutchalitchi anaona nsalu ziwiri za pabedi zikuuluzika kuseri kwa nyumba ya a Gillies. Aliyense anadziwa manja amene anaziyanika.

Mgonero wa Ambuye unali pafupi. Pamwambo wathu, akulu a mpingo amapereka kachitsulo kakang'ono kwa aliyense woyenera, ndipo wopanda kachitsuloko sakhala pagome. Mayi Seonag anali asanaphonyepo chiyambire utsikana wawo. Akulu anawaitana Lachisanu, ine ndili pambali ndi buku langa ndi thumba la tizitsulo.

"Mayi," anatero a Tormod Matheson, mkulu wa akulu, "sitikufuna zambiri. Tiuzeni chifukwa, kapena nenani kuti munalakwa."

"Chifukwa chilipo, bambo, koma si changa choti ndichinene."

"Ndiye nenani kuti munalakwa."

"Ndiname pamaso pa akulu asanu? Tchimo limenelo ndiye sindinalivalire chipewa cha kutchalitchi."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. A Tormod anakwiya.

"Mukuyesa ntchito zanuzi zidzakulowetsani kumwamba? Mumathamanga tsiku lonse ngati nkhuku, pamapemphero mukugona!"

"Ndimagonadi, bambo. Inu mumapemphera motalika bwino, munthu amapumulako."

Akulu anavomerezana kuti mayiwo asalandire kachitsulo. Ndinalemba ndi dzanja langali, ndipo ndinamanga thumba. Lamulungu Mayi Seonag anakhala pabenchi lakumbuyo, mikono itapindidwa. Ndi tsiku lokhalo limene ndinaona manja awo alibe chochita.

Zimene zimandiwawa mpaka lero ndi izi. Amuna asanu amene aja ankadziwa kuti m'nyumba ya a Gillies muli munthu wosadzuka. Onse ali ndi mphuno, onse anasamalirapo makolo. Panalibe chovuta kuchizindikira. Palibe mmodzi, ngakhale ine, amene anayenda mtunda wochepawo kukagogoda n'kufunsa kuti m'nyumba muli nsalu zingati. Tinasankha kufunsa mayi pabwalo funso limene tinkadziwa kuti sangayankhe popanda kuvula nkhalamba.

A Gillies anamva nkhaniyi mochedwa, chifukwa Mayi Seonag anawabisira. Ananditumizira uthenga, ndipo ndinawapeza atavala tayi.

"Lemba, mlembi iwe," anatero. "Ndinadziipitsira m'mawa wa Sabata, kawiri. Nsalu zonse zinali zonyowa. Kawauze. Kawawerengere paguwa ngati akufuna."

Ndinapita nawo mawuwo kwa akulu. Anakambirana nthawi yaitali, n'kugwirizana kuti pa Mgonero wa Marichi adzapereka kachitsulo, malinga mayiwo avomereze kuti akanayanika m'nyumba. M'nyumba ya chipinda chimodzi chofunda, pamwamba pa munthu wa chifuwa!

Ndinakawauza Mayi Seonag ali m'khola la nkhosa.

"Ndiye agogo aja anadzivula okha ulemu, koma sizinakwanebe?" anatero. "Pitani bwino, bambo mlembi. Mwaponda ndowe."

A Gillies anamwalira mu Febuluwale. Mayi Seonag anawasambitsa, anawamanga tayi, ndipo anaphika masikono a pamaliro. M'masabata awiri otsatira anagawa nkhosa zawo, n'kulembera makalata ana a nkhalamba zisanu zotsalazo kuti abwere adzaone makolo awo. Lolemba la sabata ya Mgonero anakwera basi yopita kudoko ndi chikwama chimodzi. Woyendetsa basi akuti anawafunsa kumene akupita, iwo n'kungoti, "Kumene kuli zochapa."

Ena amati ali ku Glasgow, ena amati kwa msuweni wawo ku Canada. Kalata sinabwere. Kachitsulo kawo kali m'thumba, ndipo nthawi ya Mgonero ikafika ndimakapeza kotsala.