Ufa Woyera wa a Chiphaniphani

Anthu a mumsewu wathu amawadziwa ndi dzina lakuti a Chiphaniphani, ndipo ankawapatsa ulemu chifukwa ankagwira ntchito "kundege", ngakhale kuti ndege sanakwerepo. Iwowa ndi amalume anga. Ntchito yawo inali yopopera utoto pa timapiko ta ndege toyeserera, timene amatiika m'chipaipi chachikulu chokupiziramo mphepo.

Utotowo si wamba. Ukaunikidwa ndi nyale yabuluu umawala, ndipo pamene mphepo ikukanikiza phiko kwambiri, kuwalako kumachepa. Kamera imawerenga kusiyanako. Mu utotomo amasakanizamo ufa woyera pang'ono kuti kuwala kuoneke bwino, koma ufawo ukachuluka umadya mankhwala owalitsa utotowo nyale ikamaunika.

Chaka chatha maso a amalume anayamba kuchita ng'ala. Sanauze munthu, poopa kuti angawapumitse ntchito, pamene kunyumba azakhali ndi adzukulu amayang'ana kwa iwo. Akayang'ana phiko ankaona ngati utoto wazilala. Iwo anakulira m'ntchito yopenta nyumba, kumene khoma likathimbirira mankhwala ake n'kuwonjezera woyera. Anachita zomwezo mwakachetechete.

Poyamba mapiko anawala kuposa kale, moti injiniya wamkulu anawanyogodola: "Achikulire, mukufuna mutiphe maso kodi?"

"Ndiye mungagule magalasi, bwana," amalume anayankha, ndipo onse anaseka.

Koma pakati pa kuyesa, kuwala kunkazimiririka msanga, ndipo kamera inkasonyeza kuti mphepo ikukanikiza pamene sinkakanikiza. Zotsatira za miyezi yambiri zinatayidwa. Atafufuza, anapeza kuti ufa unali wochuluka m'chitini. Injiniya uja sanakalipe. Anangowaimika amalume pakhomo n'kuwapempha kuti awerenge chikwangwani cha pakhoma. Iwo analephera kuchiwerenga.

Tsopano amaswera pakhonde. Dokotala wanena kuti opaleshoni ingathandize diso limodzi lokha, ndipo malo awo kuntchito anapatsa kale wina. Anansi amene ankawavulira chipewa amangodutsa.

Posachedwa ndinawafotokozera mwatsatanetsatane mmene ufawo umawonongera utoto, popeza zimenezi ndinaziphunzira kusukulu yaukachenjede. Anandimvetsera mpaka pamapeto osandidula mawu. Kenako anati:

"Mphwanga, zonsezo ndamva. Koma ine phikolo ndinkaliona lakuda bii. Ukanakhala iwe, ukanathira chiyani?"