Dzina la Tadala ndinaliika pansi pa mandasi

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuyambana ndi nkhalamba chifukwa cha rimoti.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kunja kuno ku Scarborough, ndipo mmodzi mwa iwo ndi a Harold, mzungu wamakani ake. Masana aliwonse amaonera sewero lakalekale la pa TV la wapolisi wofufuza milandu. Tsikulo chigawenga chitangogwidwa, ine ndinathamangira kuzimitsa kuti ndiwamwetse mankhwala.

"Ayi, ayi! Asiyeni mayinawo adutse!" anakuwa a Harold.

Mayina? Abale, ndani amawerenga mayina aja amayenda kumapeto kwa kanema?

Iwo anawerenga mpaka lomaliza, kenako n'kupukusa mutu. Akuti mkazi wawo, malemu Doris, ndiye analemba gawo loyamba la seweroli, lija amapanga loyesera kuti aone ngati anthu alikonde. Doris ankatayipa makalata pakampani ina yopanga makanema. Bwana wake anangoti, "Ndikufuna wapolisi woopa magazi." Basi. Dzina la wapolisiyo, nthabwala zake, mlandu woyamba, zonsezo anazipeka Doris. Pa TV panatuluka dzina la bwana yekha. Anakokanakokana kwa zaka, maloya analowererapo, koma Doris anamwalira dzina lake lisanaonekepo.

Kaya zonsezi n'zoona, ine sindikudziwa. Koma funsoli linandikola: mwini nkhani ndani? Woponya ganizo, kapena amene wakhala pansi n'kulipatsa miyendo?

Ndili m'basi pobwerera, ndinakumbukira kuti bwana uja ndi ine ndife amodzi.

Chaka chatha gulu lathu la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ku North York tinajambula kasewero ka wapolisi wofufuza amene anaba nyama ya mbuzi ya ukwati m'firiji ya kutchalitchi. Anthu anaseka mpaka misozi. Wolemba anali Tadala, mwana wa mnzanga, wobadwira konkuno, mtsikana amene Chichewa chake chimayenda chotsimphina. Wotayipa mayina a kumapeto ndinali ine.

Ndinalemba chiyani? "Wolemba: a Phiri, wapampando wa gulu." Palibe anandituma. Dzanja linangoyenda lokha. Kwathu mungaike bwanji mwana pamwamba akuluakulu alipo? Tadala ndinamuika pa "Othandiza", pansi pa mayi amene anabweretsa mandasi.

Ataona, anangoti, "Zili bwino, anti." Ine n'kumati eee, mwanayu analeredwa.

Ndiye sabata yatha mayi ake anandiuza kuti Tadala akuapulaya sukulu ya zamakanema kuyunivesite, ndipo a kuyunivesiteko akufuna aone ntchito yokhala ndi dzina lake. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu. Ntchito ali nayo ndi yokhayi, ndipo ikunena kuti iye anangothandiza. Ine ndinayankha kuti, "Tiona," monga timayankhira tikafuna kuti nkhani ife yokha.

Nditatsika basi ndinawaimbira a Phiri.

"Mayi, koma inetu ndi amene ndinati tipange sewero la wapolisi," anatero. "Tsiku lija timaotcha nyama kupaki, mwaiwala?"

Sanali kunama. Ananenadi, chimanga chili kukamwa.

"Komanso mwanayo akuthamangira kuti? Nthawi yake idzakwana."

"Zikomo bambo," ndinatero. "Mundikumbutse, m'sewero muja anaba nyama ndani?"

A Phiri anayesa kulota.

"Si mkulu wa kwaya uja?"

"Ayi bambo, ndi amalume a mkwati."

Anaseka mpaka kutsokomola. A Phiri si munthu woipa, ndipo apa mpamene pakundizunguza mutu. Sanabe kanthu. Tinawaveka dzina ngati jekete la eni, iwo n'kuona kuti lawakwana. Timachita izi paliponse: kalata walemba mlembi, woyamikidwa wapampando, nyimbo wapeka mtsikana wa kumbuyo, imatchedwa ya aphunzitsi a kwaya. Timati ndi ulemu. Kumudzi mwina zinalibe vuto, popeza aliyense ankadziwa mwini wake weniweni. Koma kuno munthu wa muofesi sakudziwa a Phiri, sakudziwa Tadala. Amawerenga zolembedwa, basi.

Tinagwirizana kuti tilembe: "Ganizo: a Phiri. Wolemba: Tadala."

"Bola langa likhale pamwamba," anatero.

Ndinalisiya pamwambapo. Mwina ndidakali wamantha.

Lachitatu ndinakonza mayinawo n'kumutumizira Tadala, ndikuyembekeza kuti andithokoza ndi timitima tija ta pafoni. Anayankha m'Chichewa chake chotsimphinacho: "Anti, ndiye nthawi yonse ija mumadziwa kuti ndinalemba ine?"

Ndinachita manyazi, ndisaname. Mwanayu chaka chathunthu ankaganiza kuti ndinangolakwitsa. Mpaka lero sindinamuyankhe.

Dzulo sewero la a Harold litatha sindinakhudze rimoti. Ndinakhala pambali pawo, mankhwala ali m'manja, tikuwerenga mayina limodzi mpaka lomaliza. La Doris panalibe.

Nanga inu, pa mapologalamu onse aja a maukwati ndi a kutchalitchi amene munatayipapo, ndani munamuika pansi pa mandasi?